Maso a munthu wakufa ndi a ndani?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena a inu simuikonda. Ndikufuna tikambe za kupereka ziwalo za thupi munthu ukamwalira, makamaka maso. Ndikudziwa kuti mawu oti "ziwalo" kuno kwathu anaipa kale. Ukangowatchula anthu amaganiza za zikwanje, manda ofukulidwa ndi asing'anga, osati za chipatala ayi. Komabe khalani nane, musathamangire kukomenta musanafike kumapeto.

Ine ndimagulitsa nsomba pamsika ku Nkhotakota: usipa wouma, utaka, ndipo nyanja ikakondwa chambo cha fuleshi. Sukulu ndinalekeza Fomu 4. Chimene chinandilowetsa m'nkhani ya madokotala ndi maloyayi ndi achimwene anga, amene ndinapondana nawo pamutu.

Achimwenewo anali siginala. Inu akumtunda, siginala ndi munthu uja amatsogola pa bwato la nyali usiku pokakola usipa ndi chilimira. Iyeyo ndiye amaona pamene nsomba zasonkhana, n'kuuza anzake nthawi yoponya khoka ndi yokoka. Ntchito yake yonse ndi maso. Diso lawo lakumanzere linali lofooka chiyambire ali mwana, chikuku chinaliwononga, koma lakumanja linkagwira ntchito ya awiri. Tsiku lina akuthandiza alamu kudula mpunga kudambo, ngala ya mpunga inawakwapula m'diso labwinolo. Anangopikitsa n'kupitiriza ntchito. Litafiira, kumudziko anawadonthezera madzi a masamba, monga timachitira ambiri a ife. Pofika kuchipatala diso linali ndi chilonda. Chilondacho chinapola ndi mankhwala, koma chinasiya chipsera choyera pakati penipeni, pamene pamalowera kuwala.

Anatitumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti chimene ife timangochitcha ng'ala chili pawiri. Ija imagwira agogo athu imakhala m'kati mwa diso. Madokotala amaichotsa n'kuikamo kagalasi kopangidwa ku fakitale, mawa lake agogo akuwerenga nkhuku zawo. Ku Nkhoma ndi ku zipatala zina za maso opaleshoni imeneyi anaizolowera. Koma ya achimwene ili kunja, pa kakhungu koonekera kamene kamaphimba kutsogolo kwa diso ngati galasi la wotchi. Achipatala amati cornea. Kameneka kakachita chipsera, m'kati monse mungakhale muli bwinobwino, munthu amaona ngati akusuzumira pa pepala la pulasitiki lopaka ufa. Mankhwala ake n'kukadula n'kusokererapo kena, ndipo kenako kamachokera kwa munthu amene wamwalira kumene. Dokotala uja anatiuza mosabisa kuti iwo alibe, amadalira tochokera kunja, timene timabwera mwa apo ndi apo, ndipo oyembekeza ndi ambiri.

Tinakwera minibasi kubwerera kudzera ku Salima, osalankhulana. Ine ndinkangowerenga m'mutu maliro amene ndinapitako chaka chimenecho. Anakwana asanu ndi anayi. Ndiye kuti maso 18 tinakawakwirira ndi manja athu, tikuimba, pamene munthu wa ana anayi wakhala pakhonde kusowa kakhungu kamodzi kochepa kuposa ndalama yachitsulo.

Mwina mukuganiza kuti malamulo a dziko lino amaletsa. Ayi ndithu. Tili ndi lamulo lotchedwa Anatomy Act, la mu 1990, limene limalola kuti thupi la munthu womwalira kapena mbali yake liperekedwe pothandiza odwala, pophunzitsa madokotala kapena pa kafukufuku. Sukulu ya madokotala ku Blantyre inatsegulidwa chaka chotsatira, mu 1991, ndipo ophunzira kumeneko amaphunzirira pa matupi enieni a anthu. Ndiye khomo lilipo. Koma ndikufunseni, ndani mwa inu anaonapo fomu yolembapo kuti ine ndikadzafa mudzatenge maso anga? Pa chiphaso cha unzika palibe malo ake. M'kabuku kaja timapita nako kuchipatala mulibe. Ambiri a ife lamuloli tinalimva koyamba mu 2016, pamene aphungu analikonza kuti wopezeka ndi ziwalo za munthu popanda chilolezo azilandira chilango chokhwima, mpaka kukhala kundende moyo wake wonse. Anachita bwino, nthawi imeneyo abale athu achialubino ankaphedwa ngati nyama. Koma zotsatira zake n'zakuti mbali yolanga ya lamuloli tonse tikuidziwa, mbali yopereka palibe amaitchula.

Maiko ena anafupikitsa njira. Ku America munthu ukamatenga laisensi ya galimoto amakufunsa pomwepo ngati ukulola kudzapereka ziwalo, ukavomera dzina lako limalowa m'kaundula. Ku Wales kuyambira mu 2015, ndi ku England kuyambira mu 2020, anachita kutembenuza: munthu wamkulu aliyense amatengedwa ngati wavomera, pokhapokha atakalembetsa kuti sakufuna. Spain inakhazikitsa lamulo lotere kalekale, mu 1979, ndipo lero ili patsogolo pa dziko lonse pa nkhani yopereka ziwalo.

Ena m'gulu lino, makamaka inu ophunzira a m'tauni, muti basi tikopere za ku England. Ine ndikukana, ndipo ndikukana ndili ndi m'bale wanga amene lamulo lotero likanamuthandiza. Kukhala chete kwa Mmalawi si kuvomera. Mayi anga akakhala chete ndiye kuti akana kwambiri. Munthu wa ku Benga kapena ku Dwambazi amene sanamvepo za lamulolo, wayilesi alibe, mudzati anavomera chifukwa sanapite ku boma kukakana? Tsiku limene banja limodzi lidzapeze kuti m'bale wawo anachotsedwa kanthu ku mochale popanda wowauza, nkhaniyo idzafika ku Nsanje ndi ku Chitipa dzuwa lisanalowe, ndipo anthu adzayamba kubisa odwala m'nyumba. Ngakhale ku Spain komweko, lamulo lili apo, madokotala amakhalabe pansi ndi abale kuwafunsa, ndipo abale akakana satenga.

Mantha athuwa sanagwe kumwamba. Ife a ku Nkhotakota timakhala pamalo pamene thupi la munthu linali katundu wa pamsika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe ankasonkhanitsa akapolo pano n'kuwaolotsa nyanja pa zombo, ulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone anakambiranapo ndi Jumbe ulipobe, alendo amabwera kudzaujambula. Zimenezo ndi zakale, koma za MacDonald Masambuka si zakale. Mnyamata wachialubino uja anaphedwa ku Machinga mu 2018, ndipo mu 2022 khoti litagamula, pakati pa anthu 12 opezeka olakwa panali wansembe, wapolisi, wogwira ntchito zachipatala ndi m'bale wake weniweni. Taonani mndandandawo. Ndi anthu omwewo amene lamulo lopereka ziwalo lingatiuze kuti tiwakhulupirire. Onjezanipo za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Munthu wobwera ndi fomu ya maso m'mudzi asanafotokoze bwino, ndikumuuziratu, avale nsapato zothamangira.

Komabe anthu omwewa, amantha omwewa, timapereka magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo ambiri a ife amene tinadutsa ku sekondale pambuyo pake tinatambasulako mkono, tikukopeka ndi botolo la zakumwa ndi mabisiketi. Kunyumba ena ankatikalipira kuti mwagulitsa magazi kwa a satana. Lero mayi woyembekezera akataya magazi pobereka, kapena mwana malungo akamumaliza magazi nthawi ya dzinja, agogo omwe ankakalipa aja ndi amene amayamba kufunsa kuti kodi magazi alipo? Anthu anaona ndi maso awo mwana amene anali atayera manja akudzuka n'kupempha phala.

N'chifukwa chake ine ndikuti tiyambire maso, zinazo zidikire. Mtima, chiwindi kapena impso za munthu womwalira zimatengedwa kawirikawiri kwa amene wafera m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akumupumira, ndipo mabedi otero kuno ndi owerengeka. Odwala impso athu amadalira makina osefa magazi ku Kamuzu Central ndi ku Queens, ndipo wofuna impso ina amapita kunja, makamaka ku India, atatenga m'bale wamoyo womupatsa imodzi. Imeneyo ndi nkhani ina, ya ndalama zambiri. Koma kakhungu ka diso n'kofatsa. Kamatengedwa munthu atamwalira kale ndithu, pasanapite maola ambiri. Ntchitoyo sifika ola limodzi. Sikafuna kuti wopereka ndi wolandira akhale pachibale. Zikope akazitseka, nkhope imakhala momwe inalili, oona nkhope pamaliro sangadziwe kanthu. Kakaikidwa m'madzi ake apadera pozizira kamatha kukhala pafupifupi masabata awiri.

Mukati nanga mtunda, nanga kuthimathima kwa magetsi? Anzanga, ine chambo chimene chavuulidwa mbandakucha ndimachiika m'bokosi la ayezi, ndimachikweza galimoto, madzulo a tsiku lomwelo wina ku Area 25 akuchikazinga. Makilomita pafupifupi 200 amenewo timawagonjetsa tsiku ndi tsiku ife a Fomu 4. Boma lingalephere kunyamula kabotolo kamodzi? Ku Sri Lanka, dziko limene silinali lolemera, dokotala wina dzina lake Hudson Silva anayambitsa bungwe lopereka maso mu 1961. Mu 1964 anatumiza maso oyamba ku Singapore atawaika mu fulasiki ya ayezi. Kuchokera apo dzikolo lathandiza anthu a m'maiko oposa 50. Ndipo ife tomwe, pa matenda a maso, sitili anthu olephera: mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma, matenda aja ankapinditsa nsidze kuti zizikanda diso mpaka munthu kuchita khungu.

Tsono lamulo limene ine ndingalivomere ndi lotere. Funso likhale pamene Mmalawi aliyense amadutsa. Laisensi ya galimoto ndi ya anthu ochepa, kumsika kwathu amene ali nayo ndingawawerenge ndi dzanja limodzi. Koma chiphaso cha unzika, chichitikireni kalembera wa NRB mu 2017, aliyense ali nacho, ndipo chikatha timakaimanso pamzere. Pamenepo atifunse, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chitonga, ndipo wosafuna kuyankha asakakamizidwe kapena kumanidwa chiphaso. Afunse za maso pazokha, asaphatikize ndi thupi lonse ngati mulu wa bonya. Wovomera lero akhale ndi ufulu wokasintha mawa popanda kulipira kapena kufunsidwa chifukwa. Ndipo yankholo lisadindidwe pa chiphaso poonekera. Chiphaso timachionetsa paliponse, polembetsa nambala ya foni, ku banki, pogula feteleza wotsika mtengo. M'dziko limene anthu anafukulapo manda, sindikufuna kalaliki aliyense aziwerenga pa khadi langa kuti mayi awa ziwalo zawo n'zopereka. Likhale mu kompyuta, aziliona ndi achipatala okha munthu atamwalira.

Koma ngakhale fomuyo itafupika kufika pa mzere umodzi, pali chinthu chimene aphungu sangachilembe. Kuno munthu ukafa, thupi si lako. Ndi la mbumba. Amene amalamula kuti maliro agona kuti, aikidwa liti, asambitsa ndani, ndi amalume, mwini mbumba, osati kapepala kamene unasayina ku boma. Nesi angabwere ndi kompyuta yake yonena kuti malemuwa anavomera, amalume akangoti "ife zimenezo sitikuzidziwa," nkhani yathera pomwepo, ndipo palibe nesi wofuna moyo wake amene angalimbane ndi anamfedwa. Ngakhale opaleshoni yoyamba yoika mtima wa munthu mwa munthu wina, imene Christiaan Barnard anachita ku Cape Town mu December 1967, inatheka chifukwa bambo a mtsikana wowombedwa ndi galimoto, Denise Darvall, anavomera ali m'kati mwa chisoni. Ndiye fomu ya kuno ikhale ndi malo a mboni ya kubanja, ndipo mboniyo imve nkhaniyi kuchokera pakamwa pako uli moyo, osati pakhomo la mochale.

Ine ndinapita kwa amalume anga Lamulungu lina, nditanyamula shuga ndi kampango wowamba, chifukwa nkhani yotere supita nayo chimanjamanja. Kwathu ndife osakanikirana monga mabanja ambiri a kuno, ena a ku mzikiti, ena a ku tchalitchi. Amalumewo ndi a ku mzikiti. Nditagwada n'kufotokoza, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ukudwala?"

"Ayi amalume, ndili bwino."

"Nanga ukuitaniranji imfa? Ndipo tsiku louka udzauka bwanji, wopanda maso? Udzatipeza bwanji ife abale ako?"

Ndinawakumbutsa za asodzi amene mwera unawamiza, ena osapezeka konse, ena opezeka patapita masiku nsomba zitayamba kale ntchito yake. Ndinawakumbutsa za anthu amene ng'ona zinawagwira ku Bua ndi ku Chia. Ndinati, kodi amenewo Mulungu adzalephera kuwaumbanso? Nanga ife oikidwa bwinobwino, chiswe chimatisiyira maso? Anaseka pang'ono, koma osati kuseka kovomera. Anati maliro a Chisilamu sagona, munthu akamwalira m'mawa, masana waikidwa. Ndinati zimenezo zikugwirizana, chifukwa achipatala nawonso amafuna maola oyambirira omwewo. Ndinawauzanso kuti mu 1988 akuluakulu a malamulo a Chisilamu ochokera m'maiko osiyanasiyana anakumana ku Jeddah n'kugamula kuti n'zololedwa kutenga chiwalo cha womwalira pothandiza wamoyo, bola mwiniwake kapena abale ake avomere, ndipo pasakhale kugulitsa. Anati akafunsa a shehe.

Kenako anafunsa funso limene linandikhazika pansi. "Chabwino, wapereka. Adzalandire ndani? Mlongo wakoyu, kapena mwana wa nduna?"

Pamenepo amalume anagunda penipeni. Ine ndine wamalonda, ndimadziwa chimene chimachitika chinthu chikasowa. Mwera ukaomba masabata awiri, beseni la usipa limakwera mtengo, ndipo amene amalipeza ndi wa foni ya mwini boti, osati amene anafika m'mawa padoko. Chilichonse chosowa chimapeza mtengo wake, ngakhale chitalembedwa kuti n'chaulere. Maso a anthu osauka akhoza kumatengedwa ku Nkhotakota, ku Ntchisi, ku Dowa, n'kumakathera m'zipatala zolipira, kapena kuoloka malire. Lamulo lofupikitsa kupereka limene silikunena za kagawidwe, ine ndingalione ngati msampha. Liyenera kunena kuti mndandanda wa oyembekeza ndi umodzi dziko lonse, woyamba ndi amene diso lake lili pangozi kapena wadikira nthawi yaitali, wolandira salipira kakhunguko, ndipo chaka chilichonse atiuze pa wayilesi kuti tinatenga angati, tinaika angati, m'maboma ati. Wogulitsa alandire chilango chija cha mu 2016, kaya wavala gauni yoyera.

Ndinawayankha amalume kuti mwina maso anga sadzafika kwa achimwene, pakuti ine ndine wamng'ono kwa iwo ndipo sindikufulumira. Adzafika kwa mlendo. Koma achimwenewo akuyembekezanso a mlendo, ndipo mlendoyo ali ndi amalume ake amene wina ayenera kuwagwadira.

Achimwene masiku ano amasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Zala zinaphunzira kupeza pong'ambika popanda maso, ndipo eni maboti amawalipira, ngakhale si ndalama ya siginala. Usiku nyali za asodzi zikandandalika panyanja ngati tauni, iwo amati amaona chinthu chimodzi choyera chopanda malire. Mwana wawo woyamba anasiya sukulu ali Fomu 2, pano amapalasa kabaza. Nkhani yangayi nditawauza sanaikonde. Anati, "Mlongo wanga, usamayankhule za kufa kwako chifukwa cha ine."

Patapita masabata atatu amalume anaima pa benchi langa kumsika, ngati akudutsa chabe. Anasankha mulu wa utaka, anakana kuti ndiwapatse ulere, kenako anati a shehe sanatsutse. Iwo avomera, koma maso okha, china chilichonse ayi. Pochotsapo pakhale munthu wa kubanja pakhomo, ndipo maliro asachedwe ngakhale ndi ola limodzi. Anawonjeza kuti popeza boma lilibe polemba, ndilembe ndekha papepala, iwo adinda chala, pepalalo likhale m'chikwama mwawo mmene amasunga makalata a munda. Tinalemba Lachisanu lotsatira atachoka ku mzikiti, mwana wawo wamkulu ndiye anali mboni yachiwiri.

Mayi anga sanadindepo. Akuti anandibereka ndi maso awiri ndipo ndidzapita nawo awiri, ndipo akandimvanso ndikunena zimenezi adzasiya kudya nsomba zanga. Amalume akuti ndiwasiye kaye, adzalankhula nawo okha mpunga ukatha kukolola.